Kansomba ka m'Galasi ndi Cisanu ca mu Juni

Mwezi wa Meyi ukamalowera kumapeto, nyumba iriyonse imayamba kukonzekera cisanu. Amai amatulutsa majuzi a ana m'sutukesi, mabulangeti amacapidwa ndi kuyanikidwa, ndipo ogulitsa makala amakweza mtengo wa thumba podziwa kuti palibe adzawakanire. Koma m'nyumba zina za ku Lusaka, Kabwe, Chipata ndi m'matauni a ku migodi muli kacolengedwa kamene sikakumbukiridwa pa kukonzekera konseku. Tiri kunena kansomba kokongola kaja, kamene atate anagulira mwana atakhoza mayeso, kamene kamazungulira m'kamphika ka galasi pamwamba pa kabati. Kansombako sikalira, sikanjenjemera, sikapempha cofunda. Tsiku lina m'mawa mu Juni kamangopezeka kali gada pamwamba pa madzi, mwana nayamba kulira, akulu nayamba kulozana zala: uyu akuti cakudya cinaculuka, uyo akuti wogulitsa anawapatsa nsomba yodwala kale. Kawirikawiri mlandu uli pa madzi ocepa amene anazizira usiku.

Ife anthu tiri ndi moto wathu m'kati. Kaya kunja kuzizire, kaya kutenthe, thupi la munthu wathanzi limakhala pa madigiri 37 kapena pafupi pamenepo, ndipo mbali yaikulu ya nsima imene timadya imathera pa kusonkhezera motowo. Nsomba iribe mwai umenewu. Thupi lake limatentha monga momwe madzi ozinga atenthera, osapitirira. Madzi akakhala pa madigiri 26, magazi ake, mimba yake ndi mtima wake ziri pa 26. Madzi akatsika kufika pa 16, zonsezi zimatsikira pamodzi. Akatswiri a zamoyo anapeza kuti nchito za m'thupi la nsomba zimacepa pafupifupi ndi theka kutentha kukatsika ndi madigiri 10. Cakudya cimacedwa kugayika, zilonda zimacedwa kupola, ndipo mphamvu yolimbana ndi matenda imafooka.

Alimi a nsomba za m'maiwe adziwa zimenezi popanda buku. Nsomba za mtundu wa tilapia, zimene pamsika timazicha bream, zimayamba kunyozera cakudya madzi akatsika pansi pa madigiri 20, ndipo mu Juni ndi Julayi kukula kwake kumacita ngati kwaima. Komatu dziwe ndi lalikulu, ndipo nthaka imalifunditsa pansi ndi m'mbali. Nanga kamphika ka malita 3 kapena 5, kamene cofunda cake ndi galasi lopyapyala?

Tiyenera kukumbukiranso kumene nsomba za m'masitolo zicokera. Ija ya zipsepse zazitali zonga citenge, yofiira kapena yobiriwira, imene amaicha betta, kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana, m'minda ya mpunga ndi m'madambo otentha. Anthu a kumeneko amaikonda kwambiri, mwakuti mu 2019 boma linaisankha kukhala cizindikiro ca dziko pa zamoyo za m'madzi. Imakondwa pa madigiri 24 mpaka 28. Tina tating'ono ta micira ya maangamaanga, tochedwa guppy, tinacokera ku Trinidad, Venezuela ndi madera ozungulira, ndipo dzinalo linatengedwa kwa Robert John Lechmere Guppy, amene anatumiza tinsombati ku London kucokera ku Trinidad. Ndiye pali zathu zomwe: nsomba za mitundu yowala za m'Nyanja ya Tanganyika, zimene zimagwidwa kufupi ndi Mpulungu ndi kutumizidwa pa ndege ku Ulaya, ndi mbuna za m'Nyanja ya Malawi. Wina angaganize kuti popeza zimenezi ndi za kwathu kuno, zidzapirira cisanu cathu. Iai. Nyanja ya Tanganyika ndi yakuya mamita 1,470 pamalo ena, ndipo madzi ake a pamwamba amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 28 caka conse. Nsomba yobadwira m'menemo siinalawepo usiku wa ku Lusaka, mzinda wokhala pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumene mu Julayi kunja kumatsika kufika pa madigiri 10 mbandakuca, nthawi zina kuceperapo, masana nikukwera kupitirira 20.

Cifukwa cake kamphika kacepa

Mai aliyense adziwa kuti tiyi wa m'kapu amazizira msanga kuposa wa m'ketulo, ndi kuti mphika waukulu wa thobwa ukaterekedwa madzulo umapezeka m'mawa ukali wofunda. Nkhani yonse ya kamphika ka nsomba yagona pamenepa. Kutentha kumasungidwa m'kati mwa madzi, koma kumathawira kunja kudzera m'mbali, pansi ndi pamwamba. Tikatenga zotengera ziwiri zofanana maonekedwe, cina ca malita 5, cina ca malita 40, cacikuluco ciri ndi madzi ocuruka kuwirikiza ka 8, pamene mbali zake zotayira kutentha zangowirikiza ka 4. Motero cimazizira pang'onopang'ono, ndipo dzuwa likamatuluka cimakhala cisanafike pozizira kwenikweni. Kamphika kakang'ono kamangotsatira mpweya wa m'cipinda monga mwana atsatira amace. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, madzi amene anali pa madigiri 23 dzuwa liri kupendeka angathe kufika pa 15 tambala asanalire.

Kusinthasintha kumeneku ndiko koopsa kuposa kuzizira kwenikweniko. Guppy angathe kukhala pa madigiri 20 kwa masabata ambiri, ali wofooka pang'ono koma wamoyo, malinga madziwo akhale pomwepo. Cimene sangapirire ndi kukwera ndi kutsika kwa madigiri 7 kapena 8 tsiku ndi tsiku, cifukwa thupi lake limayamba kuzolowera kuzizira pamene madzi ayambanso kutentha. Nsomba yotopa motere ndiyo imagwidwa ndi matenda a timadontho toyera tonga mcere wowazidwa pathupi ndi pa zipsepse. Kacirombo koyambitsa matendawa, kochedwa Ichthyophthirius, kamabwera ndi nsomba zatsopano kapena madzi a m'sitolo, ndipo kamapambana mosabvuta pa nsomba yofooka ndi kuzizira. Zizindikiro zina ndi izi: nsomba imakhala phee pansi, zipsepse itazipinda, mtundu wake utazirala, cakudya ikungociyang'ana.

Tikhulupirira kuti ndalama yoyamba imene mwini nsomba ayenera kutulutsa ndi ya cipangizo coyezera kutentha, themometa, osati ya hita. Cala cimanama. Madzi a madigiri 25 amamveka ozizira ku dzanja la munthu, cifukwa khungu lathu ndi lofunda kuposa pamenepo, ndipo ambiri anapha nsomba zao pofuna kuti madzi amveke ofunda ngati osambitsira khanda. Themometa ya galasi yoyandama m'madzi ndi yabwino kuposa ija yomata kunja, imene imasakaniza kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya. Muiwerenge kawiri, m'mawa ana asanapite kusukulu ndi masana ca m'ma 15 koloko, kwa sabata imodzi. Nchito imeneyi apatsidwe mwana mwini nsomba, alembe manambala kumapeto kwa kope lake. Kusiyana kukaposa madigiri 2 kapena 3, pali cocita.

Coyamba ndi malo. Ambiri amaika kamphika pa zenera poganiza kuti dzuwa lidzathandiza, koma zenera ndi malo oipa kuposa onse m'nyumba: masana limaocha, usiku limazizira kuposa pena paliponse, ndipo kuwala kumameretsa ndere mpaka madzi abiriwire. Palinso ngozi ina imene ocepa amaiganizira. Galasi lozungulira lodzaza madzi limasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi, ndipo lingathe kupsereza nsalu ya pa tebulo kapena katani. Malo abwino ndi pafupi ndi khoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi khomo lakunja, m'cipinda cimene anthu amakhalamo madzulo. Kamphikako kasakhale pa simenti kapena pa citsulo. Pansi pake muyale thabwa, katoni yopinda, kapena cidutswa ca zoyera zopepuka zija zimene amakutira nazo wailesi yatsopano m'bokosi.

Caciwiri ndi cibvundikiro, ndipo apa tikhalepo pang'ono cifukwa ambiri sacikhulupirira. Madzi akamauma amacoka ndi kutentha kwambiri; ndico cifukwa cake madzi a mumtsuko wadothi amakhala ozizira ngakhale mu Okutobala, pakuti mtsuko umacita thukuta, thukutalo niliuma. Madzi odzaza kasupuni kamodzi ka tiyi akauma, amatenga kutentha kokwanira kutsitsa malita 3 ndi digiri imodzi. Mpweya wa nyengo ya cisanu kwathu kuno ndi wouma, ndipo umamwa madzi a m'kamphika usana ndi usiku. Mbale yapulasitiki kapena kagalasi koikidwa pamwamba kamaletsa kutaika kumeneku. Musatseke ndithu ndithu. Siyani kampata kolowa cala kuti mpweya uzilowa. Kwa betta cibvundikiro ciri ndi phindu linanso. Nsomba imeneyi iri ndi ciwalo capadera m'mutu cimene imapumira naco mpweya wa pamwamba pa madzi, ndipo imacita bwino mpweyawo ukakhala wofunda ndi wacinyezi. Ndiponso ndi katswiri wodumpha.

Cacitatu ndi cofunda. Madzulo kutani kamphika ndi thaulo, juzi yakale kapena kabulangeti ka mwana, m'mawa nimucotse. Cofunda sicipanga kutentha, cimangocedwetsa kuthawa kwake, cotero cikutidwe dzuwa likangolowa madzi akali ofunda, osati pa nthawi yogona pamene azizira kale.

Za hita

Kutenthetsa madzi a nsomba si nkhani ya lero. Nyumba yoyamba yoonetsera nsomba kwa anthu onse inatsegulidwa ku London Zoo mu 1853, ndipo caka cotsatira Philip Henry Gosse anasindikiza buku limene linafalitsa dzina lakuti aquarium. Nsomba za kumaiko otentha zitayamba kufika ku Ulaya, oweta ena anali kupanga matanki a mwala wa sileti pansi, nayatsa kanyali kunsi kwake. Munthu ankayenera kudzuka usiku kukaona lawi, ndipo sitikayika kuti nsomba zambiri zinaphikidwa zamoyo. Hita ya masiku ano ndi kacubu ka galasi komizidwa m'madzi, kokhala ndi kacipangizo kamene kamadula magetsi madzi akafika pa kutentha kumene mwasankha, nikawabwezanso akatsika. Lamulo la oweta nsomba ndi lakuti lita imodzi ifuna pafupifupi wati imodzi, kapena kuposerapo pang'ono m'cipinda cozizira.

Bvuto ndi lakuti mahita ambiri a m'masitolo amayambira pa mawati 25 kapena 50, ndipo anapangidwira matanki, osati timiphika. Tiyeni tiwerengere. Kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna wati imodzi ndi pang'ono yoyaka kwa ola lathunthu. Ndiye kuti hita ya mawati 25 m'malita 5 ingathe kukweza madzi ndi madigiri pafupifupi 4 pa ola. Kacipangizo kodula magetsi kakakanirira, monga zimacitika ndi mahita ochipa kapena okalamba, banja lopita kumsika m'mawa lidzapeza nsomba itafa pobwera masana. Hita yomweyo m'malita 40 ikanakweza madzi ndi theka la digiri pa ola, ndipo wina akanaona themometa nthawi ikalipo. Alipo mahita ang'onoang'ono a mawati 7 mpaka 10 opangidwira zotengera zazing'ono, koma ena mwa iwo alibe kodulira, amangoyaka kosalekeza. Funsani wogulitsa musanalipire, ndipo muiyese hita yatsopano m'ndowa ya madzi kwa tsiku lathunthu pamodzi ndi themometa isanakumane ndi nsomba.

Ndiponso kacubu kowongoka sikakhala bwino m'galasi lozungulira. Madzi akauma pang'ono, mutu wa hita umatulukira, ndipo galasi lotentha likakhudzidwa ndi madzi ozizira limasweka. Pamene pali magetsi, madzi ndi mwana pamalo amodzi, makolo asagone tulo. Pulagi icotsedwe nthawi zonse dzanja lisanalowe m'madzi, hita isiyidwe mphindi 15 kuti izizire isanatulutsidwe, ndipo cingwe cilendewere pansi pa soketi kuti dontho lotsetsereka ligwere pansi m'malo molowa m'magetsi.

Malangizo athu kwa amene afuna betta kapena guppy ndi akuti asiye kamphika, apeze cotengera ca malita 20 kapena kuposa. Sicifunika kukhala ca mtengo wapatali. Bokosi lapulasitiki loonekera m'kati, la mtundu wosungiramo zakudya, limagwira nchito, ndipo pulasitiki imasunga kutentha kuposa galasi. Odula magalasi a mazenera angathenso kulumikiza tanki, malinga agwiritse nchito silikoni yopanda mankhwala opha nkhungu. Kamphika kakaleko kadzakhala kabwino kuikamo maluwa.

Magetsi akapita

Amene anaweta nsomba mu 2024 sadzaiwala cakaco. Cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba, ndipo pofika mu Sepitembala mabanja ambiri anali kukhala maola 21 pa tsiku opanda magetsi. Hita yabwino cotani imasanduka kamtengo pa nthawi yotere. Njira imene imathandiza ndi ya botolo. Thirani madzi ofunda, osati owira, m'botolo lapulasitiki, tsekani zolimba, ndi kuliika m'mbali mwa kamphika m'kati mwa cofunda. M'cotengera cacikulu botolo lingayandame m'madzi momwemo. Madzi a m'fulasiki otenthetsedwa pophika cakudya camadzulo angagwire nchito pa kusintha botolo pakati pa usiku. Amene ali ndi bokosi losungiramo zakumwa zozizira angathe kuikamo kamphika konse usiku, cibvundikiro citatsekuka pang'ono, pakuti bokosi loletsa kutentha kulowa limaletsanso kutuluka.

Cimene tikuletsa ndi kuthira madzi a m'ketulo m'kamphika. Nsomba imapsa ziwalo zake zopumira madziwo asanasakanizike, ndipo kulumpha kwa madigiri 5 m'kamphindi kumapha msanga kuposa usiku wonse wozizira. Kukweza kapena kutsitsa kulikonse kusapitirire digiri imodzi pa ola. Posintha madzi, cotsani gawo limodzi mwa magawo 4, ndipo atsopanowo akhale atagona m'ndowa yosatseka m'cipinda comweco kwa tsiku limodzi, kuti mankhwala a klorini a m'mpopi acoke ndi kuti kutentha kufanane. Nchitoyi icitike masana, osati m'mawa. Kandulo kunsi kwa galasi ndi kubwerera ku zaka za kanyali zija. Mbaula ndiye isayandikire nkomwe. Imatenthetsa mbali imodzi yokha, ndipo kusiya makala akuyaka m'cipinda cotseka cifukwa ca nsomba ndi kuika moyo wa ana pa ngozi, pakuti mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo caka ndi caka m'dziko muno.

Ena amayatsa babu pamwamba pa madzi usiku wonse. Mababu akale aja a kawaya m'kati anali kutenthadi, koma a LED a masiku ano satulutsa kutentha kokwanira kusintha kanthu. Ndipo nsomba iribe zikope. Imafuna mdima kuti ipumule.

M'masiku ozizira cepetsani cakudya. Ana amakonda kudyetsa, ndipo poona nsomba yafooka amaonjezera, poganiza kuti iri ndi njala. Cakudya cosadyedwa cimaola, nicitulutsa poizoni wochedwa amoniya, amene m'madzi ocepa amaculuka msanga. Nsomba yaikulu bwino ingakhale masiku awiri kapena atatu osadya popanda bvuto.

Nsomba zosafuna hita

Banja limene magetsi ake ndi osadalirika lingacite bwino kusankha nsomba yogwirizana ndi nyumba yao. Pali kansomba kochedwa White Cloud, kotalika masentimita 4, ka mzere wowala m'mbali ndi mcira wofiira. Kanapezeka m'zaka za m'ma 1930 pa phiri la dzina lomwelo kufupi ndi Guangzhou ku China, ndipo wokapeza anali mtsogoleri wa ma Scout dzina lake Tan Kam Fei. Kamakondwa pa madigiri 16 mpaka 22 ndipo kamapirira kutsika pansi pa pamenepo, koma kamakonda kuyenda m'gulu la 6 kapena kuposa, cotero nakonso kafuna malita 20 aja.

Nsomba yagolide, imene zithunzi za m'mabuku a ana zimaijambula m'kamphika nthawi zonse, siopa kuzizira. Inawetedwa ku China zaka pafupifupi 1,000 zapitazo kucokera ku nsomba ya m'maiwe ozizira, ndipo cisanu ca ku Lusaka kwa iyo ndi masewera. Cimene cimaipha m'kamphika ndi kucepa kwa malo. Imakula kufika masentimita 20 kapena 30, imadya kwambiri, imadetsa madzi kwambiri, ndipo ikasamalidwa imakhala zaka 10 mpaka 20. Ina yochedwa Tish, ya ku England, inafa mu 1999 itakhala zaka 43. Imene imafa patapita miyezi itatu siinafe ndi ukalamba. Mu 2005 khonsolo ya mzinda wa Rome inaletsa kusunga nsomba m'timiphika tozungulira. Kukamwa kwa kamphika ndi kopapatiza, kosalola mpweya wokwanira kulowa m'madzi. Amene ali nako kale asakadzaze mpaka m'khosi; madzi alekezere pamimba, pamene galasi liri lotakata.

Nkhani ya mpweya imatifikitsa ku mbali ina ya caka. Madzi ofunda amasunga okosijeni wocepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 osakwana 8, ndipo kumalo okwera ngati kwathu kuno manambalawa amatsikanso. Pa nthawi yomweyo thupi la nsomba limafuna wambiri cifukwa liri kugwira nchito mofulumira. Mu Okutobala, malata akamalira ndi dzuwa, kamphika komwe kaja kanazizira mu Juni kamapitirira madigiri 30, ndipo nsomba imaoneka iri kutsegula kukamwa pamwamba pa madzi. Pamenepo zocita zimatembenuka: cofunda cicoke, hita izimitsidwe, cibvundikiro cilowedwe m'malo ndi kansalu ka neti, ndipo kamphika kasamukire ku cipinda cozizira kuposa zonse.

Kwa amene sanagule koma ana ali kuumiriza, nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Sepitembala, usiku utayamba kufunda, kuti nsomba izolowere nyumba miyezi yambiri cisanu cisanabwerenso. Pocoka kusitolo, thumba la nsomba likutidwe m'nsalu kapena m'nyuzipepala, lisaikidwe padzuwa m'minibasi. Pofika kunyumba liyandamitsidwe losamasula pamwamba pa madzi atsopano kwa mphindi 20, kenaka muthiremo madzi a m'tanki pang'ono pang'ono katatu, ndipo pomaliza nsomba yokha itulutsidwe ndi kaukonde, madzi a m'sitolo atayidwe panja.